ZA MAMANGIDWE: NYUMBA YA MALATA ISASANDUKE NG'ANJO

Mwezi wa Okutobala ukafika, m'midzi yambiri ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi mumaoneka cinthu codabwitsa. Munthu amene anagulitsa fodya, thonje kapena cimanga, nagula malata, namanga nyumba yokongola ya njerwa zoocha, usiku amatulutsa mphasa kukagona pakhonde pamodzi ndi ana ace cifukwa m'nyumbamo simukhalika. Pafupi pomwepo agogo ali m'tulo tofa nato m'kanyumba kao ka udzu. Ku cigwa ca Luangwa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 pa nyengo imeneyi, nyumba ina ya malata siilowedwa kuyambira masana kufikira pakati pa usiku.

Akale anati walira mvula walira matope. Malata ali ndi ubwino wace wosakanika: sadontha msanga, safuna kufoleredwa kawiri-kawiri, sagwira moto wolusa, ndiponso udzu wabwino wofolera ukusowa m'madera ambiri. Palibe wanzeru amene angauze mlimi kuti aleke kugula malata. Koma akatswiri a zomanga-manga, atayesa nyumba za m'maiko otentha kwa zaka zambiri, agwirizana pa mfundo imodzi, yakuti kuzizira kwa nyumba kumamangidwira pamodzi ndi nyumbayo. Wolephera kukumangira amadzakugula pambuyo pace ndi magetsi, mwezi ndi mwezi, ngati magetsiwo alipo.

Caka ca 2024 cinaonetsa poyera kuti magetsi sakhalapo nthawi zonse. Mvula itakana, Boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, ndipo popeza magetsi ambiri a m'Zambia amacokera ku mphamvu ya madzi, panali masiku amene mabanja a m'matauni anaona magetsi kwa maola 3 okha. Mafani ndi makina oziziritsa m'nyumba anangoti zii pa nthawi imene anafunika koposa. Pamwamba pa izi, anthu akuculuka. Kalembera wa mu 2010 anapeza anthu 13 miliyoni, koma wa mu 2022 anapeza oposa 19 miliyoni. Mapuloti a m'tauni akucepa, nyumba zikuthinana, ndipo ambiri mwa amene akumanga kumeneko ndi ana a m'midzi yomwe ino.

Mdani woyamba ndi denga. Kuno dzuwa limadutsa pafupi-fupi pamutu, cotero limaomba denga koposa zipupa zonse. Lata ndi copyapyala, ndipo likada kapena kucita dzimbiri lingathe kutentha kupitirira madigiri 60 masana. Kutenthako sikukhala kunja ai: lata limakutsanulira pansi pa anthu monga momwe mbaula imaotetsera munthu amene sanaikhudze. M'mwezi wa Juni ndi Julayi lata lomwelo limataya kufunda kwa m'nyumba usiku, ana nagona akunjenjemera. Udzu sucita zimenezi cifukwa pakati pa mapesi ace pali mpweya wosayenda, ndipo kutentha sikupyola msanga mu mpweya wotere. Nzeru zonse zatsopano za madenga zikuyesa kubwezera lata cimene udzu unali naco kale.

Njira yochipa koposa ndiyo kuyeretsa denga. Coyera cimabweza kuwala kwa dzuwa, cakuda cimakumeza. Mumzinda wa Ahmedabad ku India, kumene kutentha kunapha anthu ambiri mu 2010, akulu a mzinda anayamba kulimbikitsa anthu a m'makomboni kupaka madenga ao laimu kapena penti yoyera, ndipo oyesa anapeza kuti m'nyumba mumazizirako ndi madigiri 2 kapena kuposerapo. Madigiri 2 amamveka ocepa papepala, koma kwa mai wapakati kapena nkhalamba yodwala mtima ndiwo amasiyanitsa tulo ndi kucezera usiku wonse. Laimu amasukuluka ndi mvula ndipo afunika kubwerezedwa caka ndi caka. Penti ya padenga imakhalitsa koma ili ndi mtengo. Banja lotunga madzi akumwa a padenga liyenera kufunsa wogulitsa ngati pentiyo siiononga madzi.

Njira yaciwiri, imene iposa yoyamba, ndiyo siling'i. Ambiri amayesa siling'i ndi cokometsera nyumba za anthu olemera cabe, koma nchito yace yeni-yeni ndi kuchinga kutentha kwa lata kuti kusafike pa anthu. Siifuna matabwa a m'sitolo okha. Mphasa za bango kapena nsungwi zoluka, zokhomedwa bwino pa mitanda, zimagwira nchito yomweyo. Cofunika ndi cakuti pakati pa siling'i ndi malata patsale mpata, ndipo mpweya wotentha wa mumpatamo ukhale ndi potulukira pamwamba pa zipupa za mbali ziwiri, poikidwa waya wa timaenje kuti makoswe, mileme ndi udzudzu zisalowe. Mawaya a magetsi kapena a sola odutsa m'menemo aikidwe ndi munthu wodziwa, pakuti bango louma silicedwa kuyaka.

Kuti nyumba yomangidwa kale ingathe kukonzedwa motere zinaoneka ku Kuyasa, m'dera la Khayelitsha pafupi ndi Cape Town. Kumeneko kunali nyumba zazing'ono zimene boma la South Africa linamangira anthu osauka popanda siling'i. Kuyambira mu 2008 nyumba zoposa 2,000 zinaikidwa siling'i, magiza otenthetsa madzi ndi dzuwa, ndi mababu osadya magetsi ambiri, ndipo nchitoyo inagwiridwa ndi anthu a pamalo pomwepo ataphunzitsidwa. Palibe nyumba imene inagwetsedwa.

Wina amene anafika patali ndi nzeru ya mpata wa mpweya ndi Francis Kéré wa ku Burkina Faso. Iye anabadwira m'mudzi wa Gando, ndipo ali mwana anaphunzira m'kalasi motentha ndi mopanda mpweya. Akali kuphunzira za mapulani a nyumba ku Germany anamangira mudzi wakwao sukulu imene inatha mu 2001. Zipupa ndi siling'i anazimanga ndi njerwa za dothi, ndipo denga la malata analikweza pamwamba pa zitsulo, lotambalala ngati cipewa, kuti mphepo izidutsa pansi pace ndi kucotsa kutentha. Mu 2022 analandira mphotho ya Pritzker, imene ndi yaikuru koposa pa nchito yolemba mapulani, nakhala munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Dothi limene ambiri amalicitira manyazi ndilo linamtengera ulemu umenewo.

Pano pali msampha umene uyenera kuchulidwa. Mpata wa pakati pa cipupa ndi denga, umene nyumba zambiri za kumudzi zimausiya kuti mphepo ilowe, ndiwo khomo lalikuru la udzudzu wa malungo. Ofufuza ku Gambia ndi kwina anaona kuti kutseka mpata umenewu kumacepetsa udzudzu m'nyumba. Koma wotseka mpatawo nasiya timazenera tating'ono amapeza kuti m'nyumba mwatentha, ana nayamba kukana kugona m'masikito. Cotero zinthu ziwirizi ziyendere pamodzi: mpata utsekedwe, ndipo mazenera akhale akulu bwino, oyang'anizana, okhala ndi waya woletsa udzudzu, kuti mphepo ilowe uku ndi kutulukira uko.

Zonsezi zingacitike pa nyumba yakale. Koma mmera mpoyamba, ndipo pali cinthu cimodzi cosalira ngwee ngakhale imodzi cimene sicikonzeka maziko atakumbidwa, ndico kumene nyumba iyang'ana. Ambiri amangoyang'anitsa nyumba kumseu. Dzuwa la masana limachingidwa mosabvuta ndi denga lotulukira kunja masentimita 60 kapena kuposa, koma dzuwa la madzulo limabwera cam'mbali ndi kulasa cipupa ca kumadzulo. Cifukwa cace nyumba italike kucokera kum'mawa kupita kumadzulo, zipupa zazitali ndi mazenera akulu ziyang'ane kumpoto ndi kum'mwera. M'nyengo yacisanu dzuwa limapendekera kumpoto, ndipo limalowa pa mazenera a mbali imeneyo kufunditsa nyumba pa nthawi yoyenera. Kumadzulo kuikidwe khonde, cipinda cosungiramo katundu, kapena mtengo wa mango patali pang'ono kuti mizu isafike pa maziko.

Za zipupa nazo zasintha. Cipupa cocindikala ca dothi cimamwa kutentha pang'ono-pang'ono masana ndi kukutulutsa usiku kunja kutazizira, pamene buloko ya simenti yopyapyala imakupititsa msanga. Njerwa zoocha ndi zabwino, koma uvuni uliwonse umadya mitengo ikulu-ikulu, ndipo amene amaocha njerwa adziwa okha kutalika kwa ulendo wa ngolo wokatenga nkhuni lero poyerekeza ndi kale. Ku Malawi boma linaika malamulo mu 2018 oletsa njerwa zoocha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zina zikulu-zikulu. M'malo mwace kwafala njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsinderedwa ndi makina. Nzeruyi si ya dzulo: makina a pamanja ochedwa Cinva-Ram anapangidwa ku Colombia ndi Raul Ramirez m'zaka za m'ma 1950. Mbale imodzi ya simenti imasakanizidwa ndi mbale za dothi pafupi-fupi 15 kufika 20, kulingana ndi dothilo. Dothi la pamwamba la m'munda siliyenera. Lifunika la pansi, lokhala ndi mcenga wokwanira. Njerwazo zikaumbidwa ziikidwe pamthunzi, ziphimbidwe, zithiridwe madzi masiku oyamba, ndipo zidikire pafupi-fupi mwezi wathunthu zisanamangidwe. Pamene njerwazi zinagumuka, kawiri-kawiri colakwa cinali kuthamangira kapena kubera simenti. Makina amodzi angagulidwe ndi kopaletivu ndi kutumikira midzi ingapo.

Nanga za m'tauni? Ku Lusaka anthu pafupi-fupi 7 mwa 10 alionse amakhala m'makomboni amene sanayambe ndi pulani, ndipo nyumba yodziwika koposa kumeneko ndi mdadada, zipinda zolumikizana zocititsa lendi. Kulumikiza nyumba pakokha si kulakwa. Akatswiri lero akukuyamikira, cifukwa cipupa cimene mabanja awiri agawana sicionana ndi dzuwa, njerwa zimacepa, mapaipi a madzi ndi miseu zimafupika, ndipo minda ya m'mphepete mwa tauni siidyedwa msanga. Colakwa cili pa mamangidwe. Mwini puloti pofuna kuculukitsa zipinda amaika mizere iwiri yofulatirana, cipinda ciriconse cikhala ndi citseko cimodzi ndi kazenera kamodzi mbali imodzi-modziyo. M'cipinda cotere mphepo ilibe njira. Mbaula ikalowa m'menemo usiku wa Juni, citseko nicitsekedwa, utsi wosaoneka wa makala umapha anthu ali m'tulo, ndipo izi zimamveka caka ndi caka.

Mdadada wabwino ukhale wa mzere umodzi, cipinda ciriconse cikhale ndi zenera kutsogolo ndi kumbuyo, ndi timazenera ta mpweya pamwamba pa cipupa. Mizere ikakhala iwiri, pakati patsale bwalo lokhala ndi mtengo, osati kanjira kopapatiza kowaka simenti. Mlimi amene atumiza ndarama za soya kapena ng'ombe kwa mwana wace kuti amange zipinda ku Chipata kapena ku Lusaka ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti aone pulani, ndi kuwerenga mazenera. Cipinda cozizira sicisowa wolowamo.

Nyumba zosanjikiza zimapita patsogolo pa zonsezi, popeza denga limodzi limafunda mabanja awiri, ndipo a pansi amakhala mumthunzi wa a pamwamba. Koma kusanjika nyumba pa maziko amene anakumbidwira nyumba ya pansi ndiko kuitana maliro. Nchito yotere ifuna injiniya ndi pulani yobvomerezedwa ndi khonsolo. Cinanso coyenera kusamala ndi kutengera mapulani a ku Ulaya. Kumeneko, kuyambira pa nyumba yoyamba ya mtundu wa Passivhaus imene inamangidwa ku Darmstadt mu 1991, akatswiri aphunzira kutseka nyumba ndi kuifunditsa kuti kufunda kusathawe m'cisanu cao coopsa. Magalasi akulu-akulu opanda mthunzi, ndi madenga obisika opanda khonde amene afala m'matauni masiku ano, akaikidwa pa nyumba ya ku Petauke amakola dzuwa ngati msampha.

Kukonza m'malo mogwetsa si cacilendo m'dziko lino. Mu 1974 Boma linaika lamulo lozindikira makomboni, ndipo mothandizana ndi World Bank linalowetsa madzi ndi miseu ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata Compound, eni nyumba nakonza nyumba zao pang'ono-pang'ono monga momwe thumba linalolera. Nyumba ya malata ya kumudzi ingathe kutsata njira yomweyo. Bango limadulidwa mvula itatha, laimu amapakidwa mu Ogasiti kapena Sepitembala kutentha kusanafike pacimace, ndipo banja losakwanitsa nyumba yonse lingayambe ndi siling'i ya cipinda cimene mugona ana.