Musathamangire MBA, Mkanda Akuphedwa ndi Cholembera

Chaka chilichonse, masukulu aukachenjede akangolengeza kuti akulandira ofuna digiri yachiwiri, ana a ku Mchinji amene anaphunzira ndi ndalama za fodya, mtedza ndi soya amayamba kufunsana: nditenge MBA, kapena ndikaphunzire za ndondomeko ndi kayendetsedwe ka boma? Yankho silichedwa. Amalume, anzawo a kuntchito, ngakhale akuluakulu a kumpingo, onse amaimba imodzi: "Tenga MBA mwanawe, ndalama zili kumeneko. Za boma n'zandale, udzafa uli mphawi." Ine ndikuti malangizo amenewa ndi oipa, ndipo kwa mwana wa ku Mkanda ndi oipitsitsa.

Pitani pa Mkanda nthawi yokolola, mavenda atapachika masikelo paliponse. Mlimi wafika ndi matumba a soya pa ngolo. Kodi mtengo umene aulandire waupanga ndani? Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka ndi chaka, koma venda amagula motsika chifukwa palibe womulondola. Zambia ili pafupi, koma mbewu siingaoloke malire mwalamulo popanda chiphaso cha boma, ndipo lamulo la Control of Goods Act limapatsa nduna mphamvu yotseka chipata. Mu Okutobala 2017 boma linachotsa chiletso chotumiza chimanga kunja. Pofika Febuluwale 2018 linachibwezeretsa. Wamalonda amene anakongola ndalama kubanki, n'kupangana ndi ogula a kunja, anaona bizinesi yake ikufa asanalakwitse samu ngakhale imodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi, ndipo wogulitsa feteleza anadzuka ndalama zake zosakwananso kuoda katundu yemwe uja. Ndi kalasi iti ya MBA imene ikanawapulumutsa? Mtengo wa pa sikelo ya ku Mkanda umalembedwa ku Capital Hill.

Izi sizinayambe lero. Lamulo la Special Crops Act la 1963 linagwiritsidwa ntchito kuletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale, n'kusiyira mwayi umenewo eni maesiteti. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono motchipa, ndipo phindu lake linkathandiza kukuza maesiteti omwewo. Mchinji anadzaza ndi maesiteti ndi matenanti. Kodi eni maesitetiwo anali anzeru zamalonda kuposa agogo athu? Ayi! Lamulo linalembedwa mowakomera. Chiletso chitayamba kumasuka cha m'ma 1990, mabanja wamba anayamba kulowa ku okushoni, nyumba za malata zinamera m'midzi, ana anapita ku sekondale. Anthu anali omwewo, nthaka yomweyo, makasu omwewo. Chinasintha ndi lamulo basi.

Ndipo musaganize kuti cholembera cha boma chimangopha. Mtukula Pakhomo anayambira kuno ku Mchinji mu 2006, ngati ntchito yoyesera yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Panali anthu amene anakhala pansi n'kuganiza kuti wolandira asankhidwa bwanji, alandira zingati, ndipo tidzadziwa bwanji kuti zathandiza. Zotsatira zitapimidwa, ndondomekoyo inafalikira m'maboma onse 28. Ndalama zimenezo zimathera m'magolosale ndi m'zigayo za m'midzi yomweyo. Ndionetseni kampani imodzi ya m'dziko muno imene inasintha miyoyo ya agogo olera ana amasiye ochuluka chotere.

Ndikuwamva otsutsa: "Malawi ndi wolemera ndondomeko kale. Tinali ndi Vision 2020 kuyambira 1998, tili ndi Malawi 2063 kuyambira Januwale 2021. Mapepala adzaza mashelefu, tikusowa ochita." N'zoona, mashelefu adzaza. Koma amene akuganiza kuti maphunziro a ndondomeko za boma ndi kuphunzira kulemba zikalata zokongola sakuwadziwa. Ntchito yake yeniyeni ndi kuwerengera kuti lonjezo lidya ndalama zingati ndipo zichokera kuti, kudziwa lamulo logulira katundu wa boma, kutsata kwacha iliyonse kuchokera ku Treasury mpaka pa mjigo wa m'mudzi, ndi kupima ngati chimene tachita chathandiza. Luso limeneli ndilo likusowa, ndipo umboni wake ukuwawa.

Mu 2013 Cashgate inatulutsa mabiliyoni m'thumba la boma polipira makampani amene sanapereke katundu aliyense. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zogulira feteleza wa AIP zinalipidwa ku kampani ya ku UK yodziwika ndi malonda a nyama. Chaka chomwecho ADMARC inatsekedwa, antchito masauzande n'kuuzidwa kuti apite kunyumba, mlimi n'kutsala m'manja mwa venda. Njanji ya Mchinji mpaka Chipata inatsegulidwa mu 2010, koma katundu wathu wambiri akuyendabe pa malole. Chipata cha Mwami chinamangidwa mwamakono n'kutsegulidwa mu Disembala 2022, ndipo COMESA ili ndi dongosolo lofewetsa malonda a anthu ang'onoang'ono odutsa malire; nanga n'chifukwa chiyani amayi ambiri akuzemberabe njira za m'tchire, kumene amalandidwa katundu ndi kuchitidwa chipongwe? Kuyambira 2005 mpaka 2014 makhonsolo a dziko lino anayenda opanda makhansala, ngakhale lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linalipo. Zonsezi si kusowa kwa amalonda. Ndi kusowa kwa anthu odziwa ntchito ya boma, olimba mtima kunena kuti "bwana, izi sizitheka, lamulo likukana."

Ena amati mankhwala ake ndi kuyendetsa boma ngati kampani. Tinayesa. Malemu Saulos Chilima anachoka pa mpando waukulu wa Airtel Malawi mu 2014, munthu wodziwika ndi changu ndi kusunga nthawi, n'kupatsidwa ntchito yokonzanso kagwiridwe ka ntchito m'boma. Mu 2021 anapereka lipoti la maalawansi, kagulidwe ka katundu ndi makontalakiti a ntchito, ndipo lipotilo silinaulutsidwe kwa anthu. Vuto silinali nzeru zake. Mkulu wa kampani akalamula, zimachitika, ndipo wokana amachotsedwa. M'boma muli Nyumba ya Malamulo, makhoti, chipani, mafumu, mabungwe a antchito ndi ovota, ndipo aliyense ali ndi mphamvu yoimitsa galimoto. Kuyendetsa zimenezo ndi ukatswiri wapadera, ndipo umaphunziridwa pawokha.

Sindikunena kuti MBA ndi yachabe. Amene amaiphunzitsa ku MUBAS kapena ku ESAMI amapereka zinthu zenizeni: kuwerengera ndalama, kufufuza msika, kuyang'anira antchito. Ngati muli ndi makina oyengera mafuta a soya ndi mpendadzuwa, ngati mukuyendetsa kopaletivi imene ikulimbana ndi chuku kuti mtedza wa Mchinji ulandiridwe pa misika ya kunja, pitani mukaphunzire, ndipo muganizirenso za maphunziro a malonda a zaulimi ku LUANAR, ku Bunda. Koma tisanamizane. Ambiri othamangira MBA alibe ngakhale benchi ya tomato, ndipo alibe cholinga chotsegula kalikonse. Akufuna zilembo zitatu zowakweza pantchito kubanki kapena kukampani ya mafoni. Ndi ufulu wawo, koma asatiuze kuti akutukula kwawo. Kupeza phindu kumaphunzirika pa msika: mayi wooda zitenje ku Chipata, wosunga ndalama ku banki mkhonde, amadziwa mpamba wake ndi phindu lake mpaka tambala yomaliza. Kuwerenga bajeti ya dziko, kapena kuona msampha wobisika mu kontalakiti ya mabiliyoni, simungakuphunzire pa msika.

Palinso kusiyana kwina kumene alangizi a MBA safuna kukutchula. Wa bizinesi akalakwitsa, imagwa ndi kampani imodzi, ndipo ina imalowa m'malo mwake. Wa boma akalakwitsa, makuponi amafika chimanga chitamasula kale, ndipo boma lonse la Mchinji, anthu oposa 600,000 monga mwa kalembera wa 2018, limalowa m'chaka cha njala. Kumene kulakwitsa kumapweteka anthu ambiri, n'kumene kukufunika mitu yakuthwa kwambiri. Ife tikuchita zosemphana: ana anzeru tikuwatumiza kukagulitsa mayunitsi ndi ngongole, ofesi ya khonsolo n'kuisiyira aliyense wopezeka.

Tsopano chikwapu chitembenukire kwa inu osankha za boma, chifukwa pakati panu palinso mimbulu. Ngati chikukukokani ndi galimoto yoyera ya bungwe, misonkhano ya ku Salima ndi ku Mangochi, ndi envulopu ya alawansi, chonde tengani MBA yomweyo, mukakumane ndi eni kampani amene sasekerera mlesi. Digiri ya za boma m'manja mwa munthu wadyera ndi yoopsa kuposa umbuli, chifukwa imamuphunzitsa pamene pali mipata. Ndipo musangolowa paliponse pamene pali chikwangwani. Funsani ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka ndi NCHE. Kaya ndi ku UNIMA ku Zomba, ku Malawi School of Government ku Kanengo ndi ku Mpemba, kapena kunja ndi thandizo la Chevening, onani ngati muli zachuma, masamu a kafukufuku, kayendetsedwe ka ndalama za boma ndi malamulo. Ngati mulibe, mukugula pepala. Kafukufuku wanu womaliza akhale wa kwanu: ndalama za msonkho wa pa msika wa Mkanda zimapita kuti, chiletso cha mbewu chimamudyera zingati mlimi wa m'malire, ndalama za CDF zamanga chiyani chooneka.

Malipiro a m'boma ndi ochepa, ndipo aliyense wokuuzani zina akukunamizani. Mudzaona anzanu a MBA akukupitirirani pa msewu ndi galimoto zatsopano. Koma mpando wa mkulu wa zamapulani ku khonsolo, wa wogula katundu wa unduna, wa mlembi wamkulu, sukhala wopanda munthu chifukwa choti inu mwaunyoza. Mukaukana, akhalapo mlamu wake wa wina kapena mnyamata wa chipani, ndipo iyeyo ndiye adzasaine chikalata chopha bizinesi ya bambo anu, ya mlongo wanu, ndi yanu yomwe ya MBA. Mukadzalira tsiku limenelo, musadzati simunauzidwe.