Tiyatse moto pansi pa paini?

Thabwa limene kalipentala wa ku Biwi kapena ku Kawale akupala lero lidakula zaka zambiri ku Chikangawa, ku Dedza kapena ku Chongoni, ndipo chilimwe chilichonse lidapulumuka moto. Mitengo ina siyipulumuka. Nkhalango ya Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, yapsa mobwerezabwereza, ndipo paini akasowa kumeneko mtengo wa khomo ndi bedi umakwera kuno ku Area 23.

Ndiye pali ena amene akuti moto tiugonjetse ndi moto womwe. Kum'mwera kwa dziko la America, eni minda ya paini amayatsa dala moto wofatsa pakapita zaka zingapo. Umapsereza masamba ouma ndi timitengo tina tomera pansi, tomwe timalanda paini madzi ndi chakudya, koma paini amatsala chifukwa khungwa lake ndi lochindikala. Moto wolusa ukadzabwera umapeza palibe choti udye. Nzeruyi si yachilendo kuno. Kafukufuku amene adayamba ku Ndola, ku Zambia, mu 1933 adaonetsa kuti kutentha tchire dzinja litangotha sikuononga nkhalango, pomwe moto wa mu Okutobala, chaka ndi chaka, umagwetsa ndi mitengo ikuluikulu yomwe. Pamenepa ndikugwirizana nawo kwathunthu. Kulambula njira zotchinga moto ndi kutentha udzu wa m'mbali mu Meyi kapena Juni, udakali wauwisi pang'ono, n'kotchipa poyerekeza ndi kuthamangitsana ndi malawi a osaka mbewa mphepo ili kuomba.

Koma kulowetsa moto pansi pa paini weniweniyo ndi nkhani ina. Paini amene adadzalidwa kwambiri m'mapiri athu ndi Pinus patula, ndipo akadali wamng'ono khungwa lake ndi lopyapyala; moto umene paini wa ku America amapirira, uyu umamupha. Komanso mombo ndi msuku zomera pansi pa paini sizifa msanga ndi moto wofatsa. Zimapsa kumtunda, mizu ili moyo, mvula ikagwa mphukira zatulukanso. Mungatenthe n'kutaya paini, mitengo munkafuna kuchotsayo n'kutsala.

Chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti mitengo imene akuyitcha yosafunikayo ndi yomwe Lilongwe yense akuilirira. Imani m'mawa pa msewu wolowa ku Chinsapo muone njinga zosenza matumba a makala ochokera ku Dzalanyama, nkhalango imene mtsinje wa Lilongwe umayambira. Zidafika poti mu 2015 boma lidatumizako asilikali. Kodi tingalondere mombo ndi mfuti ku Dzalanyama, kwinaku tikuupsereza dala m'munda wa paini? Mayi wa ku Mgona amene amagula makala a m'kajumbo tsiku ndi tsiku sangamvetse zimenezo, ndipo inenso sindikumvetsa.

Ngati mphukira zikupanikiza paini, midzi yoyandikana ndi mundawo ipatsidwe chilolezo chodula ndi chikwanje, anthu atenge nkhuni, alonda a nkhalango akuyang'anira. Ntchitoyi ndi yochedwa, ndipo wolowa kukadula mphukira akhoza kudulanso paini. Chiopsezo chimenecho n'choona, koma chimathetsedwa ndi kaundula wa odula ndi alonda olipidwa pa nthawi yake. Moto utsale m'malire a munda ndi m'zigawo za paini wokhwima, woyatsidwa madzulo kopanda mphepo ndi anthu odziwa ntchitoyo, monga ophunzitsidwa ku koleji ya za nkhalango ya ku Dedza.