ZA KWA MLANGIZI: Garu, Mcenga ndi Diso la Mwana

Alimi anzanga, sabata ino tiyambe taleka za cinangwa ndi mpunga, tikambe za diso.

Mwezi watha ndinapita ku mudzi wina pafupi ndi Bandawe kukaona minda. Mai wina anandiuza kuti tsiku lina, alikusinja cinangwa ca kondowole, pfumbi linalowa m'diso la kumanja la mwana wace wa zaka 7. Mwanayo atatseka disolo ndi dzanja, analira kuti saona kanthu. Diso la kumanzere linali litazima kale, koma panalibe wodziwa, pakuti silinafiire, silinapweteke, ndipo linzace linali kugwira nchito ya maso awiri. Ndinawauza kuti apite naye ku cipatala msanga.

Nthenda zozimitsa diso limodzi mwakacetecete ziripo zingapo. Imodzi icokera kwa garu, tsono ife osunga ziweto tiyenera kuidziwa.

M'matumbo mwa garu mukhala njoka yochedwa Toxocara canis. Tiana ta garu tambiri tibadwa nayo, pakuti tiitenga tiri m'mimba mwa make. Njoka yaikazi imodzi ikhoza kuikira mazira 200,000 pa tsiku, ndipo aturuka pamodzi ndi cimbudzi ca garu. Akakhala m'dothi masabata 2 kufikira 4 akhwima, ndipo pa malo a cinyontho akhala amoyo kupitirira caka. Mwana akasewera pa mcenga pamene agaru ayendayenda kufuna usipa, nadya osasamba m'manja, ameza mazirawo. Timphutsi tiswa m'matumbo mwace ndi kulowa m'magazi. Kamodzi kakafika kuseri kwa diso, pa kansaru kopyapyala kamene kalandira kuunika, pamenepo patupa, ndipo pambuyo pace patsala cipsera. Nthendayi si yofala, koma imene yabwera kawirikawiri igwira diso limodzi lokha, makamaka la mwana.

M'caka ca 1950 Helenor Wilder wa ku America anapima maso 46 amene madotolo anacotsa kwa ana poopa khansa, napeza timphutsi m'maso 24. M'caka ca 1956 zinadziwika kuti tinali ta njoka ya garu.

Tsono citani izi:

1. Mwezi uli wonse yesani ana anu. Mwana atseke diso limodzi ndi cikhatho, inu muime patali, awerenge zala zanu. Atatero atseke linalo.

2. Mukaona diso limodzi liona mwacimbuuzi, kapena lipenya kumbali, kapena kamwana ka m'diso kayera, musacedwe. Yambani ku cipatala ca Chintheche kapena ca Nkhata Bay. Pakafunika, adzakutumizani kwa a maso ku Mzuzu Central Hospital. Kuyera kotere mwa khanda nthawi zina ndi khansa, imene ipha ikacedwa.

3. Musathire m'diso madzi a masamba, suga kapena mkaka wa m'mawere. Nthendayo iri kuseri, kumene zimenezi sizifika, ndipo zingaononge ndi kutsogolo komwe.

4. Funsani mlangizi wa ziweto za mankhwala a njoka. Tiana ta garu timwe tikakwana masabata 2, ndi kubwereza masabata 2 ali onse kufikira masabata 8, pamodzi ndi make. Jekeseni wa ciwewe ngofunika ndithu, koma sapha njoka za m'mimba.

5. Kwirirani mozama cimbudzi ca garu tsiku lomwelo, mazira asanakhwime. Musaciponye m'dimba kapena pa dzenje la manyowa.

6. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye, ndipo muwaletse kudya dothi.

Mankhwala a ku cipatala aphwetsa cotupa ngati mwana wafika msanga, koma cipsera cikakhazikika sicicoka. Cinangwa cikafa tibzala mtengo wina, koma diso likazima palibe pokatenga mbeu. Madzulo ano, nsima isanapse, itanani ana muwayese.

Ine wanu,
MLANGIZI, Bandawe.