Nkhondo ya Chiwaya: Nyasaland Idapindulanji?

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse sidachedwe kufika ku Nyasaland. Britain idalowa m'nkhondoyo pa 4 Ogasiti 1914, ndipo pa 13 mwezi womwewo sitima ya boma ya Guendolen idaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Akuti kaputeni wa Ajeremaniyo adapalasa bwato kudzakalipira Captain Rhoades, mnzake womwera naye limodzi, poyesa kuti waledzera, pakuti uthenga wa nkhondo udali usadamufike. Mabuku a azungu amaikonda nkhaniyi poti njoseketsa. Akuluakulu a m'midzi akamakamba za nkhondoyi, yomwe ankaitcha ya Chiwaya, ankayambira pa njala ndi katundu wa pamutu.

Alipo amene amati, zowawa zili apo, nkhondoyi idatichitira zabwino, ndipo mfundo yawo yoyamba njolemera. Pa 9 Sepitembala 1914 gulu la Ajeremani lochokera kutsidya kwa Songwe lidathira nkhondo boma la Karonga, koma asilikali a King's African Rifles adalibweza. Aliyense wodziwa zomwe Ajeremani adachita kwa Angoni a ku Songea pa nkhondo ya Maji Maji, pakati pa 1905 ndi 1907, pomwe adatentha midzi ndi nkhokwe mpaka njala idapulula anthu, sangaderere ntchito ya tsiku limenelo. Amatchulanso malipiro a usilikali, omwe kwa mnyamata wa ku Zomba kapena Mulanje adali okoma kuposa thangata la pa esiteti. Ena adabwerako akudziwa kuyendetsa galimoto, kumanga mabala kapena ukalaliki. Koposa zonse, amati, maso adatseguka: munthu woti waona mzungu akuthawa chipolopolo sangamuopenso monga kale.

Za Karonga ndikuvomera. Koma kuteteza dziko kudathera komweko kumalire. Mu Meyi 1916 General Edward Northey adalowetsa asilikali ake m'dziko la Ajeremani n'kulanda Neu Langenburg, yomwe pano ndi Tukuyu, ndipo kuyambira apo nkhondo idasanduka yolanda dziko la eni ndi kuthamangitsana ndi mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck. Mkulu ameneyu sankafuna kupambana. Ankangofuna kuti Angerezi atayire anthu ndi chuma m'tchire la Afrika m'malo mozitumiza ku Ulaya. Mu Novembala 1917 adawoloka Rovuma kulowa m'Mozambique, adazungulira mpaka kufupi ndi Quelimane, n'kubwerera kumpoto, kenako adalanda Kasama. Adadzatula zida ku Abercorn, Mbala ya lero ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, patatha masabata awiri nkhondo itazirala ku Ulaya. Gawo lalikulu la dziko lolandidwa kwa Ajeremanilo lidapita kwa Britain n'kutchedwa Tanganyika.

Ulendo wonsewo adausenza ndi amtengatenga. Kashembe ankapha ng'ombe, abulu ndi akavalo, misewu ya galimoto idali yowerengeka. Katundu ankatsikira pa Chinde, kukwera Zambezi, kuyenda pa njanji mpaka Blantyre, kupita ku Fort Johnston, kukwezedwa m'sitima za panyanja, ngakhale Chauncy Maples ya amishoni idagwidwa ntchitoyi, ndipo kuchokera pagombe zonse zinkayenda pamutu. Wolemba mbiri Melvin Page amaika chiwerengero cha asilikali a Nyasaland pafupifupi pa 19,000, cha amtengatenga pafupifupi pa 200,000, m'dziko la anthu osapitirira 1.2 miliyoni. N'zoona kuti ena adalembedwa kawiri kapena katatu, komabe mudzi wosakhudzidwa udali wosowa.

Tiyerekeze munthu mmodzi. Wasenza thumba la makilogalamu ngati 25, alibe nsapato, akukwera mapiri ozizira a kumpoto kwa nyanja mvula ikuwaza. Naye ayenera kudya, ndipo chakudya chake chili m'katundu yemweyo kapena pamutu pa mnzake. Njira ikatalika, pamafunika anthu ena osenzera chakudya cha osenzawo, ndipo ufa ukaperewera, woyamba kumuchepetsera phoso adali iye, asanakhudzidwe msilikali. Ambiri sadafe ndi mfuti. Adawatenga ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, ena adangotsala m'mbali mwa njira.

Kumudzi nako kudali nkhondo yake. Lamulo la 1912 lidali litaika kale mafumu pansi pa bwanamkubwa ndi ma DC ake, tsono nkhondo idawapatsa chiwerengero cha amuna oti apereke. Apolisi ndi amesenjala ankafika usiku. Mwamuna akathawa, ankagwira mkazi mpaka mwini wake adzipereke. Ena ankagona kutchire, ena adawolokera ku Mozambique. Mfumu yokana inkaona zakuda kwa boma, yovomera inkadedwa ndi mbumba yake yomwe, ndipo ufumu wa m'madera ambiri udatuluka m'nkhondoyi utachepa ulemu. Khasu lidatsalira amayi, nkhalamba ndi ana, pomwe boma linkatenganso chimanga, mpunga ndi ng'ombe kuti lidyetse asilikali. Njala itafika, nkhokwe zidali zitapepuka kale. Chakumapeto kwa 1918 chimfine choopsa chidalowa, n'kuyenda m'njira zomwezo zomwe amtengatenga ankabwererera kwawo.

Mfundo ya kutseguka kwa maso ndi imene ndimaikayikira kwambiri. John Chilembwe sadadikire kuti asilikali abwerere. Mu Novembala 1914, nkhondo ya ku Karonga itangochitika, adalembera Nyasaland Times kalata yofunsa chifukwa chomwe amphawi opanda gawo m'boma ankafera mkangano wa eni chuma n'kusiya amasiye. Boma lidaitsekereza kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira, ndipo pa 3 Febuluwale iye adaphedwa. Tisanamizane, nkhondo sidali chifukwa chokhacho: thangata la ku Magomero ndi kutenthedwa kwa matchalitchi ake zidali zilonda zakale. North Nyasa Native Association, bungwe lomwe Levi Mumba adali mlembi wake, lidayamba mu 1912, Chiwaya asanalire. Otsogolera mabungwe otere, kuphatikizapo la Mombera la 1920, ambiri adali aphunzitsi, abusa ndi akalaliki ophunzira ku mishoni. Nkhondo idawaonjezera madandaulo ndi umboni, koma nzeru zofunsa boma adali nazo kale. Chomwe tingati chidachokeradi m'maguba a asilikali ndi magule a beni ndi malipenga, ndipo amene amavina amadziwa kuti m'menemo muli kunyadira komanso kuseka mzungu.

Opindula adalipo. Fodya adapeza msika wabwino, ndipo mu 1919 Britain idachepetsa msonkho pa fodya wochokera m'maiko a ufumu wake. Azungu a ku Nyasaland, omwe adali 766 pa kalembera wa 1911, adafika 1,486 mu 1921, ndipo ambiri mwa obwera kumenewo adali asilikali opuma odzafuna minda. Wamtengatenga amene adafika kwawo wamoyo adapeza munda utamera thengo, msonkho wa nyumba ukumudikira.