Misala ina imayambira pa timakomo ta muubongo

Sabata ino ndimaphunzitsa za ubongo, ndipo mnyamata wina anakweza mkono: "Aphunzitsi, munthu akapenga mwadzidzidzi, si kulodzedwa kumeneko?" Anzake anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa makolo ambiri amaganiza chimodzimodzi.

Maselo a muubongo sagundana. Pakati pawo pali kampata, ndipo uthenga umaoloka ndi timadzi ta m'thupi monga glutamate. Kutsidya kwa kampatako kuli timakomo tolandira uthenga, totchedwa NMDA receptor. Glutamate akafika, kakhomo kamatseguka, calcium n'kulowa m'selo, maselo awiriwo n'kugwirizana kwambiri. Umu ndi mmene timaphunzirira ndi kukumbukira zinthu.

Mu 2007, Dr Josep Dalmau ndi anzake a ku University of Pennsylvania ku America analongosola matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira timakomo timeneti. Odwala ambiri ndi atsikana ndi amayi achitsikana, ndipo ena amapezeka ndi chotupa m'thumba la mazira. Munthu amasokonezeka mutu, amaona zinthu zomwe palibe, amagwa ngati wakhunyu, kenako amasiya kulankhula. Zikafika poipa amalephera kupuma.

Mu 2009 matendawa anagwira Susannah Cahalan, mtolankhani wa New York Post, ali ndi zaka 24. Madokotala ena ankati ndi mowa, ena ankati ndi matenda a maganizo. Dr Souhel Najjar anamupempha kuti ajambule wotchi, iye n'kuunjika manambala onse mbali yakumanja. Dokotalayo anazindikira kuti vuto lili muubongo momwemo. Anapatsidwa mankhwala ofewetsa chitetezo cha m'thupi ndipo anachira. Kafukufuku wa mu 2013 anapeza kuti odwala pafupifupi 8 mwa 10 alionse amene analandira chithandizo anali atapeza bwino patatha zaka ziwiri, makamaka amene anathandizidwa msanga.

Sindikunena kuti aliyense wosokonezeka mutu ali ndi matendawa, ayi. Ndi osowa. Koma ngati madokotala a ku New York anasochera kwa milungu ingapo, kulibwanji ife amene timayamba ndi kuloza chala agogo a m'mudzi?

Maganizo anga ndi akuti mwana akasintha khalidwe m'masiku ochepa, makamaka ngati akugwa kapena wasiya kulankhula, tithamangire kuchipatala kaye. Masiku amene timataya pofufuza mfiti ndi omwe ubongo ukuwonongeka. Aphunzitsi anzanga, tisamangoloweza ana mayina a ziwalo za ubongo kuti akhoze mayeso. Tiziwauzanso nkhani ngati iyi, akafotokozere makolo awo kunyumba.