Zoti Renamo sinkapha anthu wamba mwadala si zoona

Kwa anthu a pa Thuchila, nkhondo ya ku Mozambique si nkhani yakutali. Mabanja ambiri a Chilhomwe kuno ku Mulanje ali ndi amalume kapena azakhali kutsidya kwa Muloza, ndipo chaka cha njala chimanga cha ku Milange ndicho chimadzaza misika. N'chifukwa chake nkhondo ija, ngakhale inatha mu 1992, imatulukirabe pa bawo ndi pa siwa. Ikatuluka, pamamveka zomwe Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo amene anamwalira pa 3 Meyi 2018, ananena kwa zaka zambiri: kuti gulu lake linkamenyana ndi asilikali a boma la Frelimo pofuna demokalase, ndipo kuti nkhanza zomwe ankalinenera zinali mabodza a boma kapena zochita za boma lenilenilo. Ena amatseka nkhani ndi mwambi uja wakuti njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Mwambiwo apa ukubisa mlandu. Njovu imaponda udzu osauona. Amene ankafa ku Zambezia, Tete ndi Inhambane ankachita kuwalondola mpaka m'nyumba zawo.

Tauni ya Homoine, m'chigawo cha Inhambane, inaukiridwa m'mamawa pa 18 Julaye 1987. Boma la Mozambique linati anthu 424 anaphedwa. Renamo inakana. Koma opulumuka, kuphatikizapo mzungu wa ku America wa mpingo wa Mennonite yemwe ankagwira ntchito zaulimi m'tauniyo, anafotokoza za anthu amfuti olowa khomo ndi khomo. Zigawengazo zinalowanso m'chipatala n'kupha odwala pa mabedi awo, amayi oyembekezera omwe. Chipolopolo chosochera sichitsegula chitseko cha wodi. Mu Okutobala chaka chomwecho, mdipiti wa mabasi ndi malole unatchingiridwa pa Taninga, kumpoto kwa Maputo, ndipo anthu oposa 270 anafera pomwepo, ena kupsera m'mabasi momwemo.

Wina anganene kuti izi zinali kummwera, kutali ndi kuno. Koma umboni wolemera kwambiri pa nkhaniyi mbali ina unatoledwa m'misasa ya m'Malawi muno. Kumayambiriro kwa 1988, boma la America linatuma Robert Gersony kuti akamve chomwe chikuthawitsa anthu. Iye anacheza payekhapayekha ndi othawa nkhondo 196 m'maiko asanu. Anthuwa, ochokera m'maboma osiyanasiyana ndiponso osadziwana, anafotokoza za imfa pafupifupi 600 za anthu wamba, ndipo pa 100 zilizonse, 94 anati zinachitidwa ndi Renamo, zitatu zokha ndi asilikali a boma. Gersony anayerekeza kuti anthu wamba ophedwa ndi Renamo sangachepere 100,000. Lipotili silinachokere ku Moscow kapena ku Havana ayi. Linachokera ku boma la Ronald Reagan, lomwe linalibe chifukwa chokondera boma la chisosholizimu la ku Maputo, pomwenso andale ena a ku Washington ankakakamiza kuti Renamo ipatsidwe thandizo.

Chomwe chikusonyeza dala m'lipotilo ndi dongosolo lake la nkhanzazo. Kunali madera omwe Renamo inkangotolako msonkho wa ufa, nkhuku ndi mbuzi. Kunali madera omwe inkalamulira kotheratu, kumene anthu ankalimira asilikali ndi kusenza katundu, ntchito yomwe ankaitchula kuti gandira. Mayi ankasenzetsedwa thumba la ufa kapena bokosi la zipolopolo masiku angapo osadya mokwanira, ndipo wogwa ndi kutopa ankamenyedwa kapena kuphedwa panjira pomwepo, anzake akuona. Ndiye kunalinso madera oti awonongedwe basi, makamaka midzi yomwe boma linasonkhanitsamo anthu. Kumeneko ankayamba kufunsa nyumba ya mlembi wa chipani, ya mphunzitsi ndi ya wazaumoyo. Ambiri sanafe ndi mfuti koma ndi zikwanje, nkhwangwa, mipeni ndi moto. Wodula mnzake khutu, mphuno kapena milomo amakhala atamugwira ndi dzanja, akumuona kumaso, akudziwa bwino kuti alibe chida. Ndipo ankamusiya wamoyo kuti mudzi wonse umuone.

Mabomba okwirira nawo ali ndi umboni wawo. Mbali zonse ziwiri zinakwirira, ndipo boma linazinga nawo malo ake a asilikali, milatho ndi mapolo a magetsi. Koma bomba loikidwa m'kanjira ka kuchitsime kapena ka kumunda, woliikayo amadziwa phazi lomwe limadutsapo m'mawa uliwonse. Dziko la Mozambique linadzalengeza kuti lathana ndi mabombawa mu Sepitembala 2015, patapita zaka 23 nkhondo itatha.

Otsutsa lipoti la Gersony ali ndi mfundo imodzi yomveka: anafunsa anthu othawa, ndipo wothawa Renamo sangaiyamikire. Komatu wofufuza William Minter, m'lipoti lake la mu 1989, anafotokoza kuti anafunsa anthu 32 omwe kale anali asilikali a Renamo yomweyo, ndipo ambiri anati analowa atagwidwa mokakamiza. Mu 1992 bungwe la Africa Watch, lomwe silinabise zolakwa za asilikali a boma, linapezanso kuti nkhanza zazikulu pa anthu wamba zinkachokera ku Renamo. Ngakhale chiyambi cha gululi sichibisika. Ken Flower, yemwe anali mkulu wa akazitape a Rhodesia (Zimbabwe ya lero), analemba yekha m'buku lake kuti nthambi yake ndiyo inalikhazikitsa, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, asilikali a boma la tsankho la South Africa analitenga n'kulikuza.

Kunena izi si kuyeretsa Frelimo, ndipo munthu wa ku Milange amene amavotera Renamo sanapenge. Frelimo inachotsa mafumu pa mipando yawo, inakokera anthu m'midzi yokakamiza kutali ndi minda ndi manda a makolo awo, ndipo mu 1983 inasesa anthu m'mizinda n'kukawataya ku Niassa. Renamo inabwezeretsa mafumu m'madera ake, n'chifukwa chake ena anailandira ndi manja awiri. Pa chisankho cha 1994 inapeza mipando 112 mwa mipando 250 ya aphungu, ndipo ku Zambezia inapambana. Mu 2016, anthu masauzande omwe anadzaza pa Kapise ku Mwanza ankanena kuti akuthawa asilikali a boma omwe ankawatenthera nyumba ndi nkhokwe ku Tete. Zonsezi n'zoona, ndipo zimapweteka. Koma mlandu wa Frelimo sufafaniza wa Renamo, ndipo mavoti a 1994 sangadzutse odwala aja a ku Homoine.

A ku Mulanje anaona okha zotsatira za nkhanza za Renamo. Renamo italanda tauni ya Milange chakumapeto kwa Sepitembala 1986, anthu anakhamukira kuno usiku ndi usana, mphika pamutu, mwana kumsana, ena opanda ngakhale chofunda. Pofika 1992, Malawi inkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Alimi sasiya chimanga m'munda ndi mbuzi m'khola chifukwa chomva kuti asilikali akuomberana kwinakwake.

Bodza loti Renamo sinkapha anthu wamba mwadala lakhalitsa chifukwa palibe khoti lomwe linaliyesa. Joaquim Chissano, pulezidenti wa Mozambique pa nthawiyo, ndi Dhlakama atasainirana mgwirizano wa mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, nyumba ya malamulo ku Maputo inapereka chikhululukiro kwa onse a mbali zonse ziwiri. Sipanakhale komiti yofufuza zoona ngati ija ya ku South Africa, ndipo palibe mkulu wa asilikali amene anaimikidwa kuti ayankhe. Mwina mtendere sukadabwera mwanjira ina. Koma chikhululukirocho chinangoletsa kuzenga milandu, sichinalamule kuti opulumuka atseke pakamwa. Omwe anawoloka Muloza mu 1986 ali anyamata ndi atsikana, lero ndi agogo, ena anabwerera kwawo, ena anakwatira n'kukhazikika m'midzi ya kuno. Mawayilesi a m'madera ndi ophunzira mbiri m'sukulu zaukachenjede akuyenera kuwafikira ndi makina ojambulira mawu, n'kuwafunsa m'Chilhomwe ndi m'Chichewa kuti anabwera ndi ndani usiku umenewo, anafunsa za yani, ndipo anayamba kutentha nyumba iti.