Talipira, koma kodi tawerenga?



Sabata ino ndikufuna tilingalire pamodzi za chinthu chooneka chaching'ono, koma chimene chikudya ndalama ndi mtendere wa mumtima wa anthu ambiri okonda kuwerenga. Ndikunena za makalata a nkhani amene munthu amalembetsa pa intaneti, n'kumalipira mwezi ndi mwezi kuti azimupeza pa imelo.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Chaka chatha ndinalembetsa makalata atatu otere: imodzi ya zachuma, ina ya mbiri yakale, yachitatu ya luso la kulemba. Mwezi woyamba ndinkawerenga kalata iliyonse tsiku lomwe yafika. Mwezi wachiwiri ndinayamba kudzilonjeza kuti ndiwerenga Loweruka. Pofika mwezi wachisanu ndinkangoona mitu yokha n'kudutsa msanga, monga achitira munthu wozemba mnzake amene anamukongoza ndalama. Koma kubanki ndalama sizinaphonye kutuluka ngakhale mwezi umodzi. Palibe anandinamiza. Olembawo ankatumiza zonse zimene analonjeza, ndipo wolephera ndinali ineyo.

Phunziro limene ndinatolapo ndi ili: ndalama imagula kalata, koma siigula ola loiwerengera. Choncho munthu ayambe wapeza nthawi, kulipira kubwere pambuyo. Ambirife timayambira kumchira. Timalipira kaye, n'kumayembekezera kuti nthawi idzagwa yokha kuchokera kumwamba ngati mvula.

Kuti timvetse bwino, tione kaye kumene mchitidwe wolipira makalatawu unachokera. Kwa zaka zambiri anthu anazolowera kuti zolembedwa za pa intaneti n'zaulere, popeza nyuzipepala zinkadalira otsatsa malonda. Koma ndalama za otsatsawo zitayamba kupita ku makampani monga Google ndi Facebook, nyumba zofalitsa nkhani zinaona kuti zinthu zathina. M'chaka cha 2011 nyuzipepala ya The New York Times ya ku America inayamba kulipiritsa anthu owerenga nkhani zake zambiri pa intaneti. Mu 2014 Ben Thompson, mzika ya America imene inkakhala ku Taiwan, anayamba kulipiritsa owerenga zolemba zake zotchedwa Stratechery, zofotokoza za makampani a zaumisiri, ndipo anaonetsa kuti munthu mmodzi angathe kudya thukuta la cholembera chake popanda bwana. Kenaka mu 2017 Chris Best, Hamish McKenzie ndi Jairaj Sethi anakhazikitsa kampani ya Substack mumzinda wa San Francisco. Ntchito yake ndi kupatsa wolemba aliyense njira yotumizira makalata kwa owerenga ndi kutolera malipiro, kampaniyo n'kutengapo madola 10 pa madola 100 alionse. Mu Malichi 2025 kampaniyi inalengeza kuti chiwerengero cha kulembetsa kolipira chafika pa 5 miliyoni. Mmodzi mwa olemba otchuka kumeneko ndi Heather Cox Richardson, mphunzitsi wa mbiri yakale pa Boston College, amene mu 2019 anayamba kulemba kalata yotchedwa Letters from an American pafupifupi tsiku lililonse.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti kulipira wolemba n'kulakwa ayi. Kulemba ndi ntchito yolemetsa, ndipo amene wachezera usiku kufufuza nkhani ayenera kudya. Komanso wolemba amene amalipidwa ndi owerenga ake amaopa owerengawo kuposa mmene angaopere wandale kapena wamalonda. Ku South Africa, nyumba yofalitsa nkhani ya Daily Maverick inayamba mu 2018 kupempha owerenga ake kuti akhale mamembala opereka ndalama mwa kufuna kwawo, kuti nkhani zake zipitirire kufikira ngakhale amene sangathe kulipira. Zimenezi n'zoyamikika. Vuto langa lili pa ife owerenga, amene timalembetsa zambiri kuposa zimene maso athu ndi masiku athu angasenze.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndipo tiyambe ndi ndalama. Makalata ambiri otere amayambira pa madola 5 pamwezi. Pakamwa zimamveka zochepa. Koma amene walembetsa makalata asanu akulipira madola 25 pamwezi, kutanthauza madola 300 pachaka. Kwa ife kuno kwathu nkhaniyi imawawa kawiri, chifukwa malipirowo amawerengeredwa m'madola pamene ife timalandira makwacha. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, moti dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pa mtengo umenewo madola 300 ndi K510,000. Wolemba wa ku London kapena ku New York sanakweze mtengo wake, koma wowerenga wa ku Lilongwe anadzuka m'mawa ngongole yake itakula. Pamwamba pa izo pali bandulo ya intaneti, imene nayonso imatha kaya munthu wawerenga kaya sanawerenge.

Tsopano tiwerengere nthawi, imene ambiri sitiiika pasikelo. Mu 2019 katswiri wa ku Belgium, Marc Brysbaert, atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri, anapeza kuti munthu wamkulu wowerenga Chingerezi chamumtima amawerenga mawu pafupifupi 238 pa mphindi imodzi ngati nkhaniyo si yopeka. Tiyerekeze kuti kalata imodzi ili ndi mawu 2,000. Imeneyo ikufuna mphindi zoposa zisanu ndi zitatu. Makalata asanu, iliyonse ikamabwera katatu pasabata, ndi mawu 30,000, amene akufuna maola awiri ndi mphindi zingapo. Apo n'kuti munthu akungothamanga osaima kuti aganize, osabwerera pa chiganizo chimene sanachimve. Kwa ife amene Chingerezi tinachiphunzirira kusukulu, nthawiyo imatalikirapo. Tsono dzifunse, mnzanga: pakati pa sukulu kapena ntchito, kuchapa, kuphika, kupita kumaliro ndi kuzonda odwala, maola amenewa ali pati? Ngati sungathe kuwaloza ndi chala, ndiye kuti palibe.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu anzeru zawo amalipirabe? Ndikuganiza kuti nthawi zambiri timalipirira chithunzi cha munthu amene tikufuna kukhala. Timadziona tili pakhonde m'mawa, kapu ya tiyi pambali, tikuwerenga za chuma cha dziko lapansi. Tikangolipira, mtima umakhazikika ngati kuti ntchito ija tayamba kale. Akatswiri awiri a zachuma, Stefano DellaVigna ndi Ulrike Malmendier, anafalitsa mu 2006 kafukufuku wa anthu olipira pamwezi ku malo ochitira masewera olimbitsa thupi ku America. Anapeza kuti olipira madola oposa 70 pamwezi ankapitako pafupifupi kanayi kokha, moti ulendo uliwonse unkawadyera madola oposa 17, pamene akanagula matikiti a maulendo khumi akanalipira madola 10 pa ulendo. Anthuwa ankakhulupirira kuti mawa adzakhala akhama kuposa lero. Matenda omwewo ndi amene ali ndi ife owerenga.

Chinanso n'chakuti malipiro a mtundu umenewu amadzibwereza okha. Ukangopereka nambala ya khadi yako ya kubanki kamodzi, ndalama zimatuluka mwezi uliwonse popanda kukufunsa. Polembetsa pamafunika chidwi cha mphindi imodzi, koma kuti usiye uyenera kukumbukira, kutsimikiza mtima ndi kuvomereza kuti unalakwitsa. Nkhani ya malipiro odzibwerezayi yafika ngakhale kwa oyang'anira malamulo a malonda. Mu Seputembala 2025 kampani ya Amazon inavomera kupereka madola 2.5 biliyoni pothetsa mlandu umene bungwe la boma la America loteteza ogula linaisumira, wonena kuti inkalowetsa anthu mu Prime mosawafotokozera bwino ndi kuwavutitsa akafuna kusiya. Kampaniyo sinavomere kuti inalakwa. Lamulo lingathe kuthandiza kuti khomo lotulukira likhale lotsekula, koma palibe khoti limene lingawonjezere ola pa tsiku lako.

Kalekale mu 1971, intaneti isanafike m'nyumba za anthu, katswiri wina wa ku America, Herbert Simon, anachenjeza kuti nkhani zikachuluka chimene chimasowa ndi chidwi cha anthu ozilandira. Makolo athu ananena zomwezo mwachidule: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anthu a ku Japan ali ndi liwu lakuti tsundoku, lonena za kugula mabuku n'kungowaunjika osawawerenga. Komabe mulu wa mabuku uli ndi ubwino wake. Buku umalipira kamodzi, ndipo limakudikira ngakhale zaka khumi. Kalata ya nkhani za sabata ino ili ngati ndiwo zamasamba: ukaisunga imafota, ndipo wogulitsa amabweranso mawa ndi mtolo wina umene unalipira kale.

Wina anganene kuti, "Ine ndimalipira pofuna kuthandiza wolembayo, kuwerenga kapena kusawerenga zilibe kanthu." Mfundo imeneyi ndi yomveka ndipo ndikuilemekeza. Ngati uli ndi ndalama zotsala ndipo wasankha ndi mtima wonse kuchirikiza ntchito ya wolemba wina, chita zimenezo mokondwa. Koma uzitchule dzina lake lenileni, kuti ndi mphatso, ndipo usamadziimbe mlandu poona makalata osatsekulidwa. Chimene ndikukana ndi kubisa ulesi kapena kuiwala kumbuyo kwa mawu akuti ndikuthandiza. Tikumbukirenso kuti wolemba aliyense woona amalakalaka kumvedwa. Kumulipira n'kusamuwerenga kuli ngati kuitana mlendo, kumuphikira nsima, iwe n'kutuluka kumusiya akulankhula yekha.

Tsono tichite chiyani? Ndigawana nanu zimene zandithandiza.

Choyamba, tchula nthawi usanatulutse ndalama. Mawu akuti "ndikapeza mpata" ndi onyenga, chifukwa mpata supezeka wokha. Nena kuti Lachiwiri ndi Lachisanu, kuyambira 5 koloko mpaka hafu pasiti 5 m'mawa, kapena ulendo wa m'minibasi popita kuntchito. Mafoni ambiri a masiku ano amaonetsa maola amene munthu watha pa Facebook, WhatsApp ndi TikTok. Yang'ana pamenepo mosadzinamiza. Ine nditayang'ana ndinachita manyazi, pakuti maola amene ndinkati ndilibe anali pomwepo, atamwazika m'timphindi tambirimbiri.

Chachiwiri, dziyese ndi zaulere. Olemba ambiri amatumiza gawo la makalata awo kwaulere. Palinso nyuzipepala ya The Continent, imene inayamba mu 2020, yolemba nkhani za mu Africa ndipo imagawidwa kwaulere sabata iliyonse kudzera pa WhatsApp. Werenga chinthu chotere mokhulupirika kwa mwezi wathunthu pa nthawi imene unaika ija. Ukalephera pa chaulere, ndalama sizidzakusandutsa wakhama.

Chachitatu, lipira kalata imodzi yokha, ndipo uyambe ndi malipiro a pamwezi. Mtengo wa pachaka umaoneka wotsika, koma ndi wotsika kwa yekhayo amene adzawerengadi miyezi yonse khumi ndi iwiri. Ukafuna kuwonjezera ina, siya kaye imene uli nayo. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Chachinayi, zimene wawerenga uzifotokozere munthu wina. Akuluakulu athu amakumbukira masiku amene nyuzipepala imodzi inkayenda manja khumi, mpaka mapepala kufewa ngati nsalu, ndipo madzulo anthu ankatsutsana pa zimene zalembedwamo. Nkhani zinali zochepa koma zinkatafunidwa. Ukadziwa kuti Lamlungu masana mnzako akufunsa zimene wapezamo sabata ino, udzawerenga ndi maso ena.

Chachisanu, mulu wakale uukhululukire. Makalata a miyezi itatu yapitayo amene sunatsekule sudzawamaliza, ndipo kuwaona tsiku ndi tsiku kumangolemetsa mtima mpaka kuwerenga kumasanduka chilango. Sankhapo awiri kapena atatu amene akukukopa, enawo uwafufute, uyambirenso pa ya lero.

Ine ndinasiya makalata awiri n'kutsala ndi ya mbiri yakale ija. Poyamba ndinkamva ngati ndadzichepetsa nzeru. Koma lero ndingathe kukufotokozerani zimene ndinawerenga sabata yatha, chinthu chimene sindikanatha pamene ndinali ndi atatu. Ndalama zotsalazo zikugwira ntchito zina zapakhomo.

Anzanga okondedwa, ndikusiyireni ntchito ya sabata ino. Tengani pepala, lembani zonse zimene zimakudulani ndalama mwezi ndi mwezi pa foni kapena kubanki, kaya ndi makalata, nyuzipepala ya pa intaneti, nyimbo kapena mafilimu. Pambali pa chilichonse lembani tsiku limene munachigwiritsa ntchito komaliza. Pamene mwasowa tsiku lolemba, yankho mwalipeza. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kalata imene mwawerenga ndi kuimvetsa ndiyo yanu, ndipo palibe angakulandeni.

Ndikufunirani sabata yabwino ndi kuwerenga kopindulitsa.